Mabuleki akumbuyo a pikapu yakale: kuchotsa mpweya, ndi funso loti valavu ya ABS idulidwe kapena ayi

Pikapu ikasenza matumba a chimanga kuchokera ku Jali, kapena matabwa kuchokera kuphiri, matayala akumbuyo amakanikizika pansi zolimba moti amalandira buleki yamphamvu osatsetsereka. Koma ikatsitsa katunduyo mumsika wa Zomba n'kumabwerera yopanda kanthu, kulemera konse kumatsalira kutsogolo komwe kuli injini ndi anthu. Dalaivala akaponda buleki, kulemera pang'ono kotsala kumbuyoko kumathawiranso kutsogolo. Mphamvu yomwe ija inali yoyenera galimoto itasenza tsopano yachuluka, ndipo matayala akumbuyo amasiya kuzungulira galimoto ikadayenda. Tayala losazungulira silisamala koloza, limatsetsereka cham'mbali mosavuta. Kumbuyo kwa galimoto kumayamba kutembenuka kufuna kutsogola. Amene anatsikapo msewu wa Ku Chawe kukuwaza mvula, masamba a paini atagwera pamakona, akudziwa kuti kumeneko kulibe malo otembenukira.

Opanga magalimoto anathana ndi vutoli m'njira ziwiri, ndipo makaniko asanagwire sipana ayenera adziwe kuti pikapu yomwe ili patsogolo pake ili ndi njira iti. Yoyamba ndi valavu yoyeza katundu. Imamangidwa pachasi chakumbuyo, ndipo ili ndi kachitsulo kakatali kopita ku akiselo. Galimoto ikalemera n'kutsika, kachitsuloko kamakankha valavu kuti ipereke mphamvu yambiri kumbuyo. Ikapepuka, mphamvu imachepetsedwa. Ilibe waya ngakhale mmodzi. Ma Hilux akale ambiri omwe tili nawo kuno, komanso mapikapu ena a ku Japan ndi ku South Africa, ali ndi imeneyi.

Yachiwiri ndi ABS ya kumbuyo kokha, njira ya magetsi yoletsa matayala kumanga, kutanthauza kusiya kuzungulira, mukaponda buleki. Inatchuka ku America, yopangidwa ndi kampani ya Kelsey-Hayes. Ford anaiika pa mapikapu a F-Series mu 1987 n'kuitcha RABS, Chevrolet ndi GMC anatsatira mu 1988, Dodge mu 1989, iwo akuitcha RWAL. Mapikapu ena a Isuzu, Mazda, Nissan ndi Toyota opangidwira misika ina anali nayonso ABS ya kumbuyo kokha. Kuno sizambiri, koma zilipo: zina zinabwera ndi mabungwe ndi mamishoni, zina zinagulidwa zogwiritsidwa kale ntchito kunja, ndipo lero zili m'manja mwa anthu wamba. Kuchepa kwakeko ndiye vuto, chifukwa ikalowa m'galaja anthu amangoona chinthu cha mawaya pa paipi ya buleki, n'kugwirizana kuti cholakwa ndi chimenecho.

Zigawo zake ndi zitatu basi. Pali sensa imodzi yowerenga liwiro la matayala akumbuyo. Pa Ford ndi Dodge imakhala pamwamba pa difu, bokosi la magiya la pakati pa akiselo yakumbuyo, ikuwerenga mano a mphete yomwe imazungulira limodzi ndi giya yaikulu ya m'difumo. Pa Chevrolet ndi GMC uthenga umachokera ku sensa ya liwiro kumapeto kwa giyabokosi. Pali kabokosi ka kompyuta. Ndiyeno pali valavu yeniyeniyo, yomwe paipi yopita kumbuyo imadutsamo. M'kati mwake muli timavalavu tiwiri toyenda ndi magetsi. Koyamba ndi kotsekera: nthawi zonse kamakhala kotseguka. Kachiwiri ndi kotayira: nthawi zonse kamakhala kotseka, ndipo kuseri kwake kuli kachipinda kokhala ndi pisitoni ndi sipuling'i, komwe mabuku amakatcha accumulator.

Kompyuta ikaona kuti matayala akumbuyo akuchepetsa liwiro mofulumira kuposa mmene galimoto ingaimire, imatseka kavalavu koyamba. Ngakhale dalaivala aponde chotani, mphamvu yopita kumbuyo siikweranso. Matayala akapitiriza kufuna kumanga, imatsegula kotayira kwa kamphindi, mafuta a buleki pang'ono n'kuthawira m'kachipinda kaja, mashuzi omwe amagwira dilamu ya gudumu n'kumasuka, tayala n'kuyambanso kuzungulira. Kenaka imabwezera mphamvu, ndipo izi zimachitika mobwerezabwereza mofulumira. Mulibe pampu ngati mu ABS ya magalimoto atsopano. Mafuta othawira m'kachipinda amabwerera okha, sipuling'i ikuwakankha, dalaivala akachotsa phazi.

Zinthu ziwiri dalaivala azidziwe. Matayala akutsogolo alibe chowateteza. Akamanga, chiwongolero sichimveranso. ABS iyi ntchito yake ndi kuletsa kumbuyo kutembenuka, siinalonjeze kuti muima pafupi, ndipo pamsewu wa miyala ndi fumbi ngati wopita ku Kachulu mutha kuima patali pang'ono. Chachiwiri, pa mapikapu ambiri a mtunduwu imadzizimitsa yokha mukalowetsa giya yokoka matayala onse anayi.

Tsopano ku galaja. Mwini galimoto amabwera n'kunena kuti, "Amisiri, buleki ikulowa pansi, muli mpweya." Mawu amenewa amabisa matenda atatu osiyana, ndipo phazi limatha kuwasiyanitsa popanda kumasula nati iliyonse.

Ngati chopondera chili chofewa ngati mukuponda thumba la thonje, ndipo chimalimbako mukapopa kangapo, nthawi zambiri ndi mpweyadi. Mafuta a buleki safinyika, koma mpweya umafinyika, ndiye phazi limathera mphamvu kufinya mpweyawo m'malo mokankha mashuzi. Ngati chopondera chikupita patali koma chikafika chimagunda polimba, kokani handibuleki pang'ono muyesenso. Chikakwera, mulibe mpweya: mashuzi atalikirana ndi dilamu, afunika kuwasendeza. Pa mapikapu akale tizitsulo tosendeza mashuzi patokha timakhala titauma ndi dzimbiri ndi matope kalekale. Ndaonapo mabotolo a mafuta akutha pansi pa galimoto yomwe inkangofuna sikuludilaiva ndi mphindi zochepa.

Matenda achitatu ndi amene amadyetsa anthu ndalama. Mwaima pa mphambano, phazi lili pa buleki, chopondera chalimba bwino, koma pang'onopang'ono chikumira chokha mpaka pansi. Pansi pa galimoto palibe dontho, mafuta m'kabotolo sakuchepa. Aliyense amati ndi master cylinder, silinda yomwe chopondera chimakankha kuti itumize mafuta kumagudumu, ndipo pa galimoto wamba amakhala akunena zoona. Koma pa pikapu ya ABS ya kumbuyo pali wina wokayikitsa. Kachitsotso kakang'ono, kadzimbiri kapena ka labala yonyenyeka, kakakhala pakamwa pa kavalavu kotayira, sikatsekanso bwino. Mukaponda, mafuta amadonthera m'kachipinda kaja, chopondera n'kumamira. Mukasiya, sipuling'i imawabweza, umboni n'kufufutika. Munthu amagula master yatsopano, vuto lomwelo. Amabweza kusitolo kuti anamugulitsa yabodza, pamene yoyambayo inali yabwinobwino.

Kusiyanitsa n'kosavuta. Masulani pa master paipi yopita ku mabuleki akumbuyo, mutseke dzenjelo ndi pulagi ya mazinga oyenera, muponde n'kugwira. Chikamirabe, yang'anani kaye ngati kutsogolo sikukudontha. Ngati kuli kouma, master yatha. Chikalimba nji osasuntha, vuto lili kumbuyo, ndipo ngati masilinda a kumagudumu ali ouma mutakweza timalabala tawo, valavu ndiyo ikudontha m'kati. Mavalavu ena ali ndi kachivindikiro ka labala kumapeto kwa kachipinda kaja. Mukakachotsa n'kulowetsa kawaya kowongoka mpaka kagunde pisitoni, mnzanu n'kuponda buleki, kawayako sikayenera kusuntha. Kakamatuluka, mwapeza.

Zikatsimikizika kuti ndi mpweya, nkhani yabwino ndi yakuti ABS iyi siifuna makina a kompyuta kuti muuchotse. Kiyi akhale wozimitsa. Kavalavu kotsekera kali kotseguka, mafuta amangodutsa.

Yambani ndi zimene anthu amadumpha. Galimoto ikhale pa zochirikiza zachitsulo, osati pa jeke yekha kapena mulu wa njerwa. Ngati ili ndi valavu yoyeza katundu, zochirikizazo zikhale pansi pa akiselo, kapena matayala akhale pansi. Mukaikweza pachasi akiselo n'kumalendewera, valavu imaona ngati galimoto yapepukiratu, mafuta opita kumbuyo amachepa, ndipo mudzapopa mpaka mwendo kuwawa. Sendezani mashuzi kaye. Fumbi la m'dilamu musaliuzire ndi mpweya, chifukwa mashuzi akale ena ali ndi asbestos, yomwe fumbi lake limawononga mapapo, litsukeni. Yang'anani mapaipi a labala: yomwe imatupa buleki ikamapondedwa imapereka kufewa kofanana ndi kwa mpweya. Ngati makalipa, omwe amafinya madisiki akutsogolo, anamasulidwapo, onetsetsani kuti nipo yotulutsira mpweya ili pamwamba. Akasinthanitsidwa, wakumanja kupita kumanzere, nipo imakhala pansi, mpweya uli pamwamba, ndipo sudzatuluka.

Ngati master ndi yatsopano kapena inaumiratu, ichotseni mpweya isanamangidwe: pa vaisi, itagona mowongoka, timapaipi tiwiri tikubwezera mafuta m'kabotolo kake, mukukankha pisitoni pang'onopang'ono mpaka thovu litatha. Ikamangidwa ili ndi mpweya, makamaka pa galimoto zomwe master imakhala chopendekera, thovu limakakamira kumapeto kwake.

Kenaka tsatirani paipi ndi maso kuchokera ku master mpaka kumbuyo. Lamulo lodziwika ndi kuyamba ndi gudumu lomwe paipi yake ndi yaitali kwambiri. Mabuku a ku America amati yambani kumbuyo kumanja, chifukwa chiwongolero chawo chili kumanzere. Zathu zambiri chiwongolero chili kumanja, ndiye musaloweze mbali, onani kumene paipi yadutsa. Chachikulu n'chakuti valavu ya ABS pa mapikapu ena ili ndi nipo yakeyake, ndipo valavu yoyeza katundu ya Hilux ilinso nayo. Nipo imeneyi imabisala pachasi, yokutidwa ndi matope, ndipo ndiyo imaiwalika. Ngati buku la galimotoyo lilipo, litsatireni pa nthawi yoitsegulira. Ngati palibe, ine ndimaitsegula ndisanayambe magudumu akumbuyo, n'kudzaibwereranso ndikamaliza onse. Valavu ikakhala yopanda nipo, masulani pang'ono nati ya paipi yotulukira mnzanu ataponda, mumangenso asanasiye.

Ntchitoyi ndi ya anthu awiri ndipo imayenda ndi pakamwa. Kapaipi koonekera m'kati kalowe pa nipo, mbali ina imire m'botolo lokhala ndi mafuta pang'ono. Pansi pa chopondera ikanipo kathabwa. Master yakale ili ndi malo kumapeto komwe pisitoni sinafikeko kwa zaka, kodzaza dzimbiri, ndipo mukaikankhira kumeneko timalabala timang'ambika. Buleki yomwe inabwera ndi mpweya imachoka ndi master yakufa.

"Ponda pang'onopang'ono, mphwanga. Gwira."

"Ndagwira, achimwene."

Sipana imatembenuka pang'ono chabe. M'kapaipi mumaoneka mafuta akuda ngati akale, kenaka thovu lalikulu, kenaka tating'onoting'ono totsatizana. Nipo imangidwe mafuta akadatuluka.

"Siya."

Wam'katiyo asasiye asanauzidwe, chifukwa akatero nipo ili yotseguka, mpweya umayamwidwa kubwerera. Asamenyenso chopondera mofulumira ngati akupopa njinga: kutero kumaphwanya thovu kukhala tinthu tosaoneka tomwe timasakanikirana ndi mafuta, ndipo mawa lake buleki imafewanso. Kabotolo ka pa master kasatsike kupitirira theka, kakauma mwayambiranso. Pitirizani mpaka mafuta otuluka akhale oyera ngati omwe mukuthira.

Pali ngodya imodzi yomwe kupopa sikufikako: kuseri kwa kavalavu kotayira. Valavu ikakhala yatsopano kapena inaumiratu, mpweya pang'ono umatha kutsalira kumeneko. Buleki imachoka m'galaja ili bwino, tsiku lina ABS n'kugwira ntchito pamsewu woterera, chopondera n'kufewa. Mankhwala ake ndi kuichititsa dala. Pezani malo afulati a miyala kapena dothi opanda anthu, pikapu ili yopanda katundu, mupondeko mwamphamvu pa liwiro lochepa kangapo mpaka mumve valavu ikugunda, mubwerere mukachotsenso mpweya pa valavu ndi magudumu akumbuyo.

Za mafuta ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi amene amapha mavalavu amenewa. Mafuta a buleki a mitundu ya DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya. DOT 3 watsopano ayenera kuwira pa madigiri osachepera 205, koma akamwa madzi okwana 3.7 peresenti muyezo wake umatsikira pa 140. DOT 4 amachoka pa 230 kufika pa 155. Zomba ndi wa mvula ndi nkhungu, ndipo phiri lathu limapitirira mamita 2,000 pamwamba penipeni. Kutsika kuchokera kumeneko ndi matabwa phazi lili pa buleki njira yonse kumatenthetsa mabuleki mpaka mafuta onyowa amawira, nthunzi n'kuchita zomwe mpweya umachita: chopondera chimangopita pansi. Mukafika m'tauni zazizira, buleki yabwerera, munthu n'kumati zinangochitika. Madzi omwewo ndi amene amabala dzimbiri lokatsamira pa kavalavu kotayira. Kusintha mafuta onse pakatha zaka ziwiri n'kotchipa kuposa valavu yomwe mwina muchita kuitanitsa kunja. Gulani botolo lomata, osati lotsala lomwe lakhala pashelefu lili lotsegula. DOT 5 ndi wa silicone, sasakanizidwa ndi enawa ndipo sayenera mu ABS, DOT 5.1 ngakhale dzina likufanana ndi wa gulu la DOT 3 ndi DOT 4. Oilo wa injini kapena wa giyabokosi amatupitsa labala yense wa m'mabuleki. Madzi a sopo omwe ena amathira akathedwa nzeru kutchire amawira pa madigiri 100 kapena kucheperapo kumtunda, ndipo akalowamo, zonse zitsukidwe tsiku lomwelo.

Nyali ya ABS ikayaka, kawirikawiri vuto ndi laling'ono: fyuzi, waya wopita ku difu wodulidwa ndi mwala kapena chitsa, pulagi yodzaza madzi, kapena sensa yomwe maginito ake atola tizitsulo ta m'difu. Zulani sensayo, muipukute, muone mano a mphete ngati ali onse. Kompyuta zimenezi zimanena vuto pophethira nyali mukalumikiza waya wake woyesera, koma zina zoyambirira zimaiwala mukazimitsa kiyi, ndiye werengani musanazimitse. Nyali ikayaka chifukwa cha magetsi, mabuleki amagwirabe monga a galimoto yopanda ABS.

Apa ndiye pali funso lomwe limandifika kawirikawiri: "Bwanji tingoidula, tilumikize paipi mwachindunji?"

Ngati vuto ndi la magetsi, kudula sikupindula kanthu, chifukwa valavuyo yasanduka kale njira yongodutsa. Ngati vuto ndi kudontha kwa m'kati, kuzula pulagi ya magetsi sikuthandizanso, poti kudonthako n'kwa mafuta. Pamenepo pokha ndi pomwe kudula kumalimbitsadi chopondera, ndipo mwini galimoto amachoka akusangalala. Chimene sanauzidwe n'chakuti pa mapikapu ambiri a mtunduwu ABS inalowa m'malo mwa valavu yoyeza katundu. Mukaichotsa, chotsala ngati chilipo ndi valavu yogawa mphamvu yosasintha, yomwe siidziwa ngati kumbuyo kuli matumba kapena kulibe. Galimoto imayesedwa masana pa phula louma, mwina itasenza, zonse bwino. Tsiku lake limadza m'mawa wa mvula, ili yopanda kanthu, njinga ya kabaza itadutsa mwadzidzidzi pa Chinamwali.

Ine maganizo anga ndi akuti valavu yakufa ilowedwe m'malo ndi ina, yatsopano kapena yokonzedwanso, ngakhale kudikira kukhale kowawa, ndipo mafuta onse asinthidwe isanamangidwe kuti zinyalala zomwezo zisaiphenso. Ikasoweratu, musasiye paipi yokha. Ikani valavu yochepetsera mphamvu yochita kutembenuza ndi dzanja pa paipi yakumbuyo, muitchere pikapu ili yopanda katundu, kuti akutsogolo azimanga akumbuyo asanamange. Mtengo wake muudziwe: mukasenza, kumbuyo kuzigwira mochepera mmene kukanathera, kutsogolo kuzitentha msanga, ndiye potsika phiri giya yotsika ndiyo igwire galimoto. Musazule babu la nyali kuti wogula mawa kapena woyesa COF asaone. Amene adzayendetse pambuyo panu ayenera kudziwa kuti ABS mulibe.

Polumikiza paipi pasakhale zachidule. Mukaponda mwamphamvu, mphamvu ya m'paipi imapitirira 70 bar. Zolumikizira zofinya za mapaipi a madzi zimasolola, ndipo paipi ya kopa ya mafiriji imauma ndi kugwedezeka mpaka kung'aluka. Pafunika paipi ya buleki yeniyeni, yachitsulo kapena ya kopa wosakaniza ndi nickel, kukamwa kwake kopindidwa ndi chida chake. Kapindidwe kali mitundu iwiri, double flare ndi bubble flare, ndipo sikalowana. Manati a mapikapu akale a ku America ambiri ndi a mainchi, a ku Japan ndi a mamilimita, kawirikawiri M10. Amatha kugwirana mazinga awiri atatu n'kukunamizani kuti alowa.

Kusintha komwe kumachitika kwambiri kuno sikukhudza n'komwe paipi, koma kumasokoneza mabuleki mofananamo: kuwonjezera masipuling'i kuti pikapu izisenza kwambiri. Pa galimoto ya valavu yoyeza katundu, thupi likapanda kutsika valavu imaona ngati mulibe kanthu, ndiye imamana kumbuyo mphamvu nthawi yomwe ikufunika kwambiri. Kukweza galimoto kumachita chimodzimodzi, pokhapokha pomwe kachitsulo kamamangidwa pa akiselo pakwezedwenso mofanana. Ena akaona zimenezi amamanga kachitsuloko m'mwamba ndi waya kuti valavu izikhala yotsegukiratu, n'kubweretsa vuto lija la pikapu yopanda katundu. Masipuling'i otopa, ogwa okha, amanamizanso valavu kuti mwasenza. Pa ya ABS, matayala aakulu amasintha liwiro lomwe sensa ikuwerenga ndipo amafuna mphamvu yambiri kuti aime, pamene difu yochokera pa galimoto ina ikhoza kukhala yopanda mphete ya mano kapena malo a sensa. Kusintha madilamu kuika madisiki kumbuyo kumasintha kagawidwe konse ka mphamvu, ndipo sintchito yoyamba musanaganizire za master, valavu yogawa ndi handibuleki.

Chilichonse chimene mwasintha, chiyeseni musanapereke makiyi. Malo afulati a dothi, opanda ana ndi ziweto, liwiro la makilomita ngati 30 pa ola, munthu mmodzi ataima patali cham'mbali akuyang'ana matayala. Yambani pikapu ili yopanda kanthu, mukuwonjezera mphamvu ya phazi ulendo uliwonse. Akutsogolo ayambe kukhukhuluza, akumbuyo akuzungulirabe kapena akumangika n'kumasuka. Akayamba akumbuyo, kapena mizere ya pansi ikaonetsa tayala limodzi lokha, bwererani pansi pa galimoto. Zikakhala bwino, senzani katundu yemwe mwini wake amasenza tsiku ndi tsiku muyesenso, kenaka muzimitse injini, muponde n'kugwira kwa mphindi yathunthu, mukayang'ane cholumikizira chilichonse chomwe munamasula ngati chanyowa.